Tom akuthamangitsabe Jerry, koma kodi mwana wa lero aziwaonera?

Tsiku lina madzulo ndinafuna kuonetsa mwana wa mlongo wanga, kamtsikana ka zaka zinayi, zimene zinkandiseketsa ine ndili msinkhu wake. Ndinasaka Tom and Jerry pafoni, n'kumukhazika pamiyendo. Poyamba zinthu zinayenda bwino. Mbewa ikuthawa, mphaka akuterereka, mbale zikusweka, mwana uja akuseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako Tom anasuzumira m'ketulo momwe munali kabomba, ketuloyo n'kuphulika. Utsi utatha, nkhope ya Tom inali itada bii, milomo itakula modabwitsa, ndendende mmene azungu akale ankadzipakira makala kumaso ponyoza anthu akuda.

"Amalume, wakhala bwanji choncho?"

Ndinasowa choyankha. Chithunzi chimenecho sindinkachikumbuka n'komwe. Mwina ndinachionapo ndili mwana osamvetsa, mwinanso a TV anali atachidula tisanachione. Koma tsikulo ndinazindikira kuti katuni imene ili m'mutu mwanga ndi imene ili pafilimu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Anthu ambiri akulu ali ndi chikhulupiriro chakuti makatuni akale ndiwo anali enieni, a masiku ano ndi phokoso lokhalokha. Enanso amati akalewo ndi odzaza ndewu ndi mwano, sayenera kuyandikira mwana. Onsewa akulankhula ngati "makatuni akale" ndi chinthu chimodzi, pomwe pakati pa Mickey Mouse wa 1928 ndi Pokémon wa 1997 pali zaka pafupifupi 70, ndipo amene ankawapanga anali ndi zolinga zosiyana kutalitali.

Sanapangidwire ana

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti makatuni amene timawatcha a ubwana wathu, ambiri mwa iwo sanapangidwe ndi cholinga choti aonere ana. Tom and Jerry anayamba mu 1940 ku kampani ya MGM ku America, opanga ake ali William Hanna ndi Joseph Barbera. Bugs Bunny monga timamudziwira anatulukiranso chaka chomwecho ku Warner Bros. Nthawi imeneyo m'nyumba za anthu ambiri munalibe TV. Timafilimu ta mphindi 7 timeneti tinkaonetsedwa m'nyumba zoonetsera mafilimu, filimu yaikulu isanayambe, ndipo m'mipando munkakhala akuluakulu: ogwira ntchito m'mafakitale, asilikali ali patchuthi, anyamata ndi zibwenzi zawo. Ojambula ankaika zimene zikanaseketsa anthu amenewo, ndiponso zimene zinkawaseketsa eni akewo. N'chifukwa chake muli nthabwala za mowa, za fodya, za mwamuna kutong'ola maso ataona mkazi, ngakhalenso za kudziwombera ndi mfuti. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse makatuni ankagwiritsidwanso ntchito polimbikitsa nkhondo, moti Donald Duck anaonekapo mu 1943 akulota kuti akugwira ntchito m'fakitale ya zipolopolo ya Hitler.

Ndiye zinatheka bwanji kuti zinthu zimenezi zikhale za ana? Nkhani yake ndi ya ndalama. Mu 1948 khoti lalikulu la ku America linaletsa makampani a mafilimu kukakamiza nyumba zoonetsera kuti zizigula mafilimu awo mumtolo umodzi, ndipo timakatuni tatifupi tinayamba kusowa msika. TV nayo inali ikulowa m'makomo. M'zaka za m'ma 1950 makampani anayamba kugulitsa makatuni awo akale ku mawailesi a kanema, omwe ankafuna chinthu chotsika mtengo chodzazira nthawi ya m'mawa ndi ya masana, pomwe ana ali panyumba. Basi, chinthu chojambulidwa n'kusanduka cha ana, popanda wina kufunsa za mkati mwake.

Ngakhale The Flintstones, imene inapangidwira TV yeniyeni kuyambira 1960 mpaka 1966, inkaonetsedwa usiku nthawi imene akuluakulu akuonera. Zaka ziwiri zoyambirira, mmodzi mwa amene ankailipirira anali kampani ya ndudu za Winston, ndipo Fred ndi Barney, azibambo a m'katuniyo, ankaoneka potsatsa malonda atabisala kuseri kwa nyumba, akusuta, akazi awo akugwira ntchito. Kutsatsa ndudu pa TV kunaletsedwa ku America kumayambiriro kwa 1971.

Madandaulo si a lero

Pali kamtima kena koganiza kuti makolo a masiku ano ndi amene ayamba mantha, akale ankangosiya ana aonere. Ayi ndithu. Mu 1968 mayi wina dzina lake Peggy Charren, pamodzi ndi anzake a ku Massachusetts, anayambitsa bungwe la Action for Children's Television, lolimbana ndi ndewu komanso malonda m'mapulogalamu a ana. Chaka chomwecho kampani ya United Artists inachotsa pa TV makatuni 11 a Warner Bros. chifukwa cha mmene ankanyozera anthu akuda, ndipo sanabwererenso pa TV. Scooby-Doo, amene anayamba mu 1969, anabadwa chifukwa cha madandaulo omwewo: a wailesi ya CBS ankafuna katuni yokoka ana koma yopanda zibakera. Mu 1975 Tom ndi Jerry anatulukiranso pa TV ali mabwenzi, akuyenda limodzi osamenyana, poti malamulo a wailesi nthawi imeneyo sankalola nkhanza zakale zija. Amene anaonerapo magawo amenewo akudziwa kuti ndi ozizira ngati madzi a dzulo.

Izi zikutanthauza kuti zambiri zimene tinaonera ife zinali zitadutsa kale m'lumo. Mu Tom and Jerry munali mayi wakuda wonenepa, wolankhula Chingelezi chomunyoza nacho, amene kawirikawiri ankaoneka miyendo ndi masilipasi okha. Anthu amamutcha Mammy Two Shoes. Anaonekera komaliza mu 1952. Makatuniwa atapita pa TV m'zaka za m'ma 1960, m'magawo ena anamujambulanso kukhala mzungu, m'magawo ena pambuyo pake anangomusintha mawu. Lero pa intaneti mumapezeka zonse, zodulidwa ndi zosadulidwa, zosakanikirana popanda chizindikiro. Kholo limene likuti "ine ndinakula nazo ndipo ndili bwinobwino" mwina likupatsa mwana wake chinthu chimene ilo silinachionepo.

Gulu lina limene anthu amalilakalaka kwambiri ndi la m'zaka za m'ma 1980: He-Man, Transformers, G.I. Joe, My Little Pony, Care Bears. Pano ndiye pali chikomekome cha mkuyu. Boma la Ronald Reagan litafewetsa malamulo a TV, makampani opanga zidole anapeza mpata wopanga makatuni ongotsatsira katundu wawo. Zidole za He-Man za kampani ya Mattel zinalowa m'sitolo mu 1982, katuni n'kubwera mu 1983. Transformers ya kampani ya Hasbro inatsatira mu 1984. Kumapeto kwa gawo lililonse la He-Man kunkakhala kaphunziro ka makhalidwe abwino, kosapitirira mphindi imodzi, kophimba m'maso odandaula. Mu filimu ya Transformers ya 1986 anapha Optimus Prime, mtsogoleri amene ana ankamukonda, chifukwa chachikulu chili chakuti kampani inkafuna kuchotsa zidole zakale kuti igulitse zatsopano. Ana analira m'nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo makolo atadandaula, anamuukitsa m'magawo a pa TV otsatira. Zinatengera lamulo la 1990, la Children's Television Act, kuti malonda a m'mapulogalamu a ana achepetsedwe kufika mphindi 12 pa ola mkati mwa sabata ndi mphindi 10 ndi theka kumathero a sabata.

Sindikunena kuti amene anakonda He-Man anapusitsidwa basi. Chimwemwe chawo chinali chenicheni. Koma tikamanyoza makatuni a lero kuti ndi ongofuna ndalama, tizikumbukanso kumene ife tinachokera.

Kodi chimene timachilakalaka n'chiyani kwenikweni?

Mawu akuti nostalgia, amene zilankhulo zambiri zimagwiritsa ntchito ponena za kulakalaka zakale, anawapanga mu 1688 ndi Johannes Hofer, yemwe ankaphunzira za udokotala ku Basel, ku Switzerland. Analumikiza mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza kubwerera kwanu, ena otanthauza ululu. Iye ankaona kuti ndi matenda enieni, ogwira anthu amene ali kutali ndi kwawo, ndipo kwa zaka zambiri ankadziwika ngati nthenda ya asilikali a ku Switzerland omenya nkhondo m'mayiko a eni. Mankhwala ake odalirika anali kumubweza munthu kwawo. Vuto la kulakalaka makatuni ndi lakuti kwathu kumene tikukufunako si malo, ndi nthawi. Ukatsegula gawo lakale, nyimbo yake ikangoyamba, chimene chimabwera si katuni yokha. Ndi chipinda chimene unkaonereramo, abale amene unkalimbirana nawo malo, ndi mtima wopanda ngongole.

Panalinso kusowa. Katuni inkabwera nthawi yake, ukaiphonya wayiphonya, udikire sabata yamawa. Ku America mwambo wa makatuni a Loweruka m'mawa unakhala zaka makumi angapo usanazimiririke pamawailesi akuluakulu cha m'ma 2014, ndipo Cartoon Network, yoonetsa makatuni usana ndi usiku, inayamba mu 1992. Kudikira kuja kunkakometsa ngakhale zinthu zosakoma. Onererani bwino katuni ya pa TV ya kampani ya Hanna ndi Barbera: munthu akamathamanga m'nyumba amadutsa tebulo ndi zenera lomwelo kasanu. Yogi Bear anamuveka kolala ndi tayi kuti ojambula azisuntha mutu wokha, thupi lili chiimire, ndalama zisawonongeke. Maso a mwana sankaona zimenezo. Ubongo nawo umasefa: timakumbuka makatuni asanu abwino, mazana oipa amene tinaonera pakati pake tinawaiwala, kenako tikuyerekeza asanu osankhikawo ndi chilichonse chimene mwana wathu akuonera lero.

Za ndewu, za mantha, za liwiro

Funso loyamba limene makolo amafunsa ndi la ndewu. Tom amaphwanyidwa ndi chitseko, amadulidwa mchira, Wile E. Coyote, nkhandwe ya m'makatuni a Warner Bros., amagwa kuphompho, mwala n'kumutsatira, koma chithunzi chotsatira onse ali bwinobwino. Kodi mwana angatengere? Katswiri wa maganizo a anthu Albert Bandura, wa ku yunivesite ya Stanford, anaonetsa mu 1961 kuti ana amene aona munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopa nawonso amachimenya mofananamo, ndipo mu 1963 anapeza kuti kuonera pafilimu kumachitanso chimodzimodzi. Otsutsa amati kumenya chidole si kumenya munthu, ndipo za mmene zimakhudzira khalidwe la mwana akadzakula, akatswiri amatsutsanabe mpaka pano. Chimene kholo lililonse laona ndi maso ndi chakuti mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amayeserera zimene wangoona kumene, ndipo kusiyanitsa zenizeni ndi zongopeka amakhala asanakhwime nako. Wa zaka 8 amadziwa kuti mphaka weniweni ukamuponda ndi chitsulo sadzuka. Kwa ine, nthabwala ya bomba si yoopsa kwambiri poyerekeza ndi ya chiwaya, machesi kapena soketi ya magetsi, poti zimenezi zili m'nyumba momwemo.

Mfuti ndiye nkhani ina. Looney Tunes atapangidwanso mu 2020, Elmer Fudd, mlenje uja wosaka Bugs Bunny, anamulanda mfuti poyamba, koma mabomba ndi zinthu zolemera zogwa pamutu anazisiya. Anthu anakangana kwambiri pa zimenezi, ndipo ambiri mwa okwiyawo anali akuluakulu, osati ana. Za fodya, mu 2006 munthu wina ku Britain anadandaula ku bungwe loyang'anira mawailesi la Ofcom ataona Tom akusuta pofuna kukopa mphaka wamkazi, ndipo eni wailesi ya Boomerang anavomera kudula zithunzi zoonetsa kusuta ngati chinthu chapamwamba.

Chinthu chimene chimaiwalika ndi mantha. Kafukufuku wa Joanne Cantor wa ku yunivesite ya Wisconsin anaonetsa kuti ana aang'ono amaopa maonekedwe, monga nkhope yoopsa kapena munthu kusandulika chilombo, ngakhale chilombocho chikhale chabwino mtima, pomwe okulirapo amaopa zinthu zimene zingachitikedi, monga imfa ya kholo. Ndiye katuni imodzimodziyo ikhoza kukhala yopepuka kwa mwana wina, yolemera kwa mng'ono wake, kapenanso mosinthanitsa. Imfa ya mayi ake a Bambi mu filimu ya 1942 ndi ya Mufasa mu The Lion King ya 1994 mulibe magazi, koma zasowetsa tulo ana ambiri kuposa mabomba onse a Wile E. Coyote.

Pa liwiro, apa ndi pomwe okonda zakale ali ndi kamfundo, ngakhale si kakakulu monga amakanenera. Mu 2011 Angeline Lillard ndi Jennifer Peterson a ku yunivesite ya Virginia anatenga ana 60 a zaka zinayi, ena n'kuwaonetsa SpongeBob kwa mphindi 9, ena katuni yoyenda pang'onopang'ono ya Caillou, ena n'kuwapatsa zojambulira. Atangomaliza, gulu la SpongeBob silinachite bwino pa zoyesa kudziletsa ndi kutsata malangizo. Kafukufukuyu anali wa ana ochepa ndipo anayeza za nthawi yomweyo basi. A Nickelodeon, eni ake a katuniyi, nawo anayankha kuti SpongeBob amapangira ana a zaka 6 mpaka 11. Komanso Tom and Jerry sayenda pang'onopang'ono ayi. Ukale wa katuni sutanthauza kufatsa. Ngozi ya thupi yodziwika kwambiri m'mbiri ya makatuni inachitika pa 16 December 1997 ku Japan, pomwe gawo lina la Pokémon linali ndi kuwala kofiira ndi kobiriwira ngati thambo kothwanima mofulumira, ana 685 n'kutengeredwa kuchipatala, ena atagwa ngati akhunyu. Kuyambira pamenepo mawailesi a ku Japan anakhwimitsa malamulo a kuwala kothwanima.

Chimene sichifufutika

Ndewu za Tom ndikhoza kuzikhululukira. Chimene chimandivuta ndi chija chinachitika madzulo aja. Makatuni ambiri a m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950 amajambula munthu wakuda ngati waulesi kapena wamantha, munthu wa ku Africa ngati wodya anzake wokhala ndi fupa m'tsitsi ndi mphika waukulu pamoto, anthu a ku Japan ndi ku China ngati a mano otuluka, eni nthaka a ku America ngati ongokuwa ndi nkhwangwa m'manja. Mwana sangakuuzeni kuti waphunzirapo kanthu, koma chithunzi chimalowa mawu asanabwere. Mwana wakuda amene akuseka chithunzi chotero akuseka nkhope yake yomwe, asanadziwe. Palinso za amuna ndi akazi: Pepé Le Pew, kanyimbi uja wa 1945, nthabwala yake yonse ndi kukumbatira mphaka wamkazi amene akuthawa, ndipo m'katuni ya Popeye, Bluto amanyamula Olive Oyl akukuwa mpaka Popeye adye sipinachi.

Makampani eni ake asankha njira zosiyana. Warner Bros. inayamba kuika chenjezo pa ma DVD ake lonena kuti zithunzizi zinali zolakwika kalelo ndipo ndi zolakwika lero, koma aziika mmene zinalili chifukwa kuzichotsa kungakhale ngati kunena kuti tsankholo kunalibe. Katswiri wa mafilimu Whoopi Goldberg anajambulidwa akufotokoza zomwezo. Disney+, yoonetsa mafilimu a Disney pa intaneti, inaika machenjezo itangoyamba mu 2019, n'kuwakulitsa mu 2020, ndipo Dumbo, Peter Pan ndi The Aristocats anachotsedwa pa mbali ya ana aang'ono ngakhale akulu akhoza kuwaonerabe. Ngakhale Sesame Street, yomwe inapangidwira ana enieni mu 1969, magawo ake oyambirira atatuluka pa DVD mu 2006 anali ndi mawu ochenjeza kuti ndi a akuluakulu ndipo mwina sangagwirizane ndi mwana wamng'ono wa lero. Ine ndili mbali ya osadula. Munthu wamkulu aone mmene zinalili, ndipo wa zaka 12 akhoza kuphunzirapo mbiri kuposa m'buku, bola pakhale womufotokozera. Koma chenjezo lolembedwa lilibe ntchito kwa mwana amene sanayambe kuwerenga.

Zatsopano nazo si zoyera zonse. Mu 2017 kunaululika mavidiyo ambirimbiri pa YouTube ogwiritsa ntchito Elsa, Spider-Man ndi Peppa Pig pochita zolaula ndi zoopsa, ena atalowa mpaka mu YouTube Kids. Mu 2019 Google, mwini wa YouTube, inalipira madola 170 miliyoni ku America pa mlandu wotolera zinsinsi za ana. Katuni yakale, ngakhale yoipa, inkatha, n'kubwera nkhani za akuluakulu, mwana n'kutuluka panja. Ya lero ikatha imayambitsa inzake yokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, osayang'ana kuti katuniyo ndi ya chaka chiti. Kuyenera kumadaliranso kumene mwana ali: gawo lina la Peppa Pig lophunzitsa kuti akangaude saopsa linaonedwa kuti ndi losayenera ku Australia, komwe akangaude ena ali ndi ululu woopsa.

M'makatuni akale muli chuma chimene sindingafune kuti mwana achiphonye. Tom and Jerry anapata mphoto za Oscar 7, ndipo nyimbo za Scott Bradley zimatsata phazi lililonse la mbewa, gulu lonse la oyimba likuyimbira mphaka woterereka. Simufunika chilankhulo, mwana wa dziko lililonse amamva. Scooby-Doo woyambirira ali ndi phunziro limene ndimalikonda kuposa onse a He-Man: mzukwa uja akauvula chigoba, nthawi zonse amapezeka kuti ndi munthu wamba wofuna kuopseza anzake kuti adyepo. Zimene ndimachita tsopano ndi kusankha gawo, osati dzina la katuni. Mphindi 7 si zambiri, ndimaonera ndekha kaye, ndipo foni sindiisiya m'manja mwa mwana kuti izisankha yokha chotsatira.

Madzulo aja ndinangomuuza kuti anthu amene anajambula chithunzicho ankaseka anzawo chifukwa cha khungu, ndipo si zabwino. Anandiyang'ana, n'kufunsa ngati Tom wapweteka. Ndinamusakira gawo lija Tom wavala suti akuyimba piyano, nyimbo ya Franz Liszt, Jerry ali m'kati mwa piyanoyo akuthawa timitengo tomenya zingwe. Analionera katatu, ndipo mayi ake atabwera kudzamutenga anamupeza akumenya tebulo ndi zala zonse khumi.